Nyimbo Imene Tinkaidumpha

Kaseti ija inalowa m'nyumba mwathu ili m'thumba la jekete la amalume, chaka cha 1995, chimanga chitayamba kuuma m'minda. Anaigula ku Lizulu tsiku la msika atagulitsa matumba awiri a kachewere. Amene munafikako mukudziwa mmene pamakhalira paja: msewu wa tala ndiwo malire, tsidya lino kwathu ku Mozambique, tsidya linalo Malawi, moti mayi wogulitsa kabichi amatha kukhala pansi m'dziko lina, wogula ataima m'dziko lina, ndalama n'kuwoloka malire popanda woifunsa chiphaso. Inali kaseti yokopera, yopanda chithunzi. Mayina a nyimbo anachita kulembedwa ndi bolopeni pa kapepala kong'amba mu kope la kusukulu.

Woyimbayo anali mwana wa kwathu konkuno ku Angónia, wokulira kothawa nkhondo ngati ife tomwe. Dzina lake ndilisunga. Anasiya kale zoyimba, ndipo munthu amene anasankha kukhala chete si bwino kumukokera pa intaneti asanavomere. Nyimbozo anakazijambulitsa ku Malawi nthawi imene rege ya ku Balaka inali pakamwa pa aliyense, ndipo zinkachita kumveka: kiyibodi yolira ngati ya m'tchalitchi, ng'oma za makina, besi yoyenda mwaulesi ngati ng'ombe yokoka ngolo ya manyowa.

Munali nyimbo 9. Mwa izo, 8 zinali moto wokhawokha.

Nkhondo inali itatha pa pepala ku Rome pa 4 October 1992. Chisankho choyamba chinali chitachitika mu October 1994, asilikali a zipewa zabuluu a United Nations anali atalongedza katundu wawo, ndipo akuluakulu ankati tsopano tiiwale zakale. Mnyamata uja anakana kuiwala. Nyimbo yoyamba inali ya msilikali amene anagwidwa ali kamwana n'kubwezedwa kumudzi ali ndi ndevu, m'manja atanyamula khasu, chidebe ndi kathumba ka mbewu. Ina inali ya munthu wobwerera kwawo n'kupeza munda wa makolo ake ukulimidwa ndi wina, wokhala ndi mapepala. Ina inkaseka anthu a masuti amene anabwera ndi zitenje za chipani, mavoti atangowerengedwa n'kusowa ngati mame. Imene anyamata tinkaikonda kwambiri inali ya Cahora Bassa: chidamu chachikulu chotere chili m'chigawo chathu chomwe chino cha Tete, koma ife mayeso tikuwerengera pa koloboyi. Sankakondera ayi. A Frelimo ndi Matsanga, kunena a Renamo, ankawatchula mumpweya umodzi, ndipo n'chifukwa chake amalume ankatsitsa voliyumu mlendo akamadutsa kuseri kwa nyumba.

Ndiye panali nyimbo yachitatu ya mbali yachiwiri.

Ng'oma zija zinkangoti zii. Kunkatsala gitala yekha, wodulira chala chimodzichimodzi, ndi mawu a mnyamata uja atatsika ngati akulankhula m'chipinda momwe mwagona wodwala. Kumbuyo kwake kunkamveka mayi wina akung'ung'udza, osatsegula pakamwa. Pa kapepala kaja nyimboyi inalembedwa ndi mawu amodzi okha: mwana.

Ife tinkaidumpha. Ana a masiku ano sadziwa kuti kudumpha nyimbo inali ntchito. Mabatire anali odula, ndipo kuthamangitsa kaseti ndi wailesi kunkawamaliza msanga. Choncho achimwene ankatulutsa kaseti ija, kulowetsa bolopeni pabowo, n'kumaizunguza m'mwamba ngati mkusa. Anali atazolowera mpaka ankadziwa kuti akazunguza kangati afika pa nyimbo ya damu ija. Mabatire akafooka tinkawayanika padzuwa pamwamba pa nkhokwe, ena ankawaluma pang'ono ndi mano, zonsezo pofuna kuti mnyamata uja atukwanenso kamodzi. Kuwononga mphamvu yovuta chotere pa nyimbo yogonekera mwana, kwa ife kunali ngati kuthira mchere m'mtsinje.

Amayi zawailesi analibe nazo ntchito kupatula uthenga wa maliro wa pa MBC, umene kwathu unkamveka bwino kuposa mawu ochokera ku Maputo. Koma tsiku lina achimwene atachedwa kufika pawailesi, gitala uja n'kuyamba, amayi anaima pakhomo la khitchini, mthiko uli m'manja.

"Iwe, isiye iyimbe."

"Ndi ya ana iyi, amayi."

"Ndati isiye."

Anaima pomwepo mpaka inatha. Nsima inapserera pang'ono tsiku limenelo, ndipo palibe anadandaula. Kuyambira pamenepo linakhala lamulo losalemba: amayi akakhala pafupi, bolopeni isakhudze kaseti. Ife tinkatuluka panja kukamenya mpira wachikulunga mpaka ng'oma zitayambanso. Ndikunena izi kuti mumvetse chinthu chochititsa manyazi: kaseti ija inakhala m'nyumba mwathu zaka pafupifupi 6, mpaka wailesi inaitafuna komaliza, ndipo nyimbo 8 zija ndikhoza kukuyimbirani lero osalakwitsa liwu. Ya mwana ija sindinaimvetsere ngakhale kamodzi kuyambira koyamba mpaka kumapeto.

Ndinabadwa mu 1986, miyezi yochepa a Samora Machel asanafe pa ngozi ya ndege ku Mbuzini. Chaka chomwecho chisanathe tinali tili ku Dedza, tikukhala kuseri kwa nyumba ya anthu a mfunda wathu amene sanatifunse zambiri. Anthu oposa 1 miliyoni a dziko lino anathawira ku Malawi pa zaka zimenezo. Ena anali m'misasa ngati Luwani, koma ambiri a ife a ku Angónia tinangosakanikirana ndi eni mudzi, poti chilankhulo n'chimodzi, Gule ndi mmodzi, maliro tinkayenderana kale. Zimene ndikukumbukira ine ndi mzere wolandira ufa ndi nandolo, ndi kubwerera kwathu mu 1993 tikuyenda mondondozana, akuluakulu akukalipa kuti wina asaponde kunja kwa njira chifukwa cha mabomba okwirira. Za usiku umene tinathawa, kunyumba kwathu sizinkakambidwa.

Zinatuluka mu 2005, mlongo wanga atatuluka m'chikuta ndi mwana wake woyamba. Kamwanako kanali kolira. Usiku wina kanalira kuyambira nkhuku zitangolowa mpaka atambala oyamba, ndipo alamu anga, munthu wabwino koma wokonda tulo, anadandaula kuti akazi onsewa akulephera bwanji kutontholetsa kamunthu kamodzi. Amayi anawayankha ali m'chipinda china, mawu awo osakwera:

"Alamu a ana anga, mlekeni alire. Akumumva ndani?"

M'mawa mwake ndinawapeza akutong'ola chimanga pakhonde. Sindinawafunse kanthu. Anayamba okha, maso ali pa lichero.

Anati usiku umenewo anachoka m'mudzi mwathu, kufupi ndi phiri la Domué, mfuti zitayamba kulira kumunsi. Amuna anathawira kwina kuti akagwidwa asagwidwe ndi mabanja. Akazi ndi ana anakabisala m'chigwembe cha kamtsinje, m'kati mwa nsenjere. Chapakati pa usiku anthu a mfuti anayamba kudutsa m'njira ya pamwamba pawo, pafupi kwambiri moti ankamva mapoto olanda akugundana ndi nkhuku zomangidwa miyendo zikulira. Pamenepo ine ndinayamba kunyinyirika. Anandipatsa bere, koma anali atatha masiku awiri osadya, munalibe kanthu. Ndiye anandichotsa kumsana, kundimangirira pachifuwa ndi kapulana, n'kuika milomo yawo pa liwombo langa. Anayimba osatulutsa mawu. Anati nyimbo ija sinapite kunja, inkangonjenjemera m'mafupa awo n'kulowa m'mutu mwanga. Ndinagona.

Pambali pawo panali mayi wina, mnzawo wotunga naye madzi, ali ndi kamtsikana kobadwa mwezi umodzi ndi ine. Kameneko sikanamve. Mayi uja anakakumbatira, kukakanikiza pachifuwa, anzake onse akumuyang'ana mumdima ndi maso omupempha. Anthu a mfuti anatenga nthawi kuti athe kudutsa. Kutacha anamasula nsalu.

Anakumba ndi khasu limodzi limene wina anathawa nalo, m'mphepete mwa kamtsinje komweko. Chimene amayi anabwereza kawiri, chisononkho chili m'manja, n'chakuti palibe analira. Kwathu maliro amadziwika ndi kulira kwa amayi, ndiko kumaitana mudzi. Tsiku limenelo ngakhale mwini mwana sanaloledwe.

Mayi ameneyo ndinkamudziwa. Anabwerera nafe limodzi, ankagulitsa thobwa pamsika, ndipo ine ndikadutsa ankandiitana n'kundithirira kapu osandilipiritsa. Ndinkayesa amangondikonda.

Ndinafunsa funso la mnyamata wowerenga mabuku a sekondale: "Anali a mbali iti, amayi?"

"Usiku mfuti ilibe chipani, mwanawe."

Kenako anati, kodi nyimbo ija munkaithawa ija unaimvako mawu ake? Ndinavomera kuti ayi. Anaika chisononkho pansi n'kuyimba, motsitsa:

Lira mwana, lira,
usiku uno ndi wako.
M'chimangamo mulibe munthu,
ndi mphepo chabe, lira.
Ukatopa ugone.

Ndi yokhayo imene ndaimvapo mwa nyimbo zogonekera mwana imene simuuza mwana kuti atonthole.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikuganiza za mnyamata uja ali m'situdiyo ku Malawi, ndalama zochepa, ola lililonse likuwerengedwa. Anali ndi mkwiyo wokwanira makaseti atatu. Komabe anauza wa ng'oma kuti apume, n'kutenga mphindi zinayi zathunthu kuuza khanda kuti tsopano likhoza kulira. Nyimbo zina zija zinkawerenga milandu, ndipo milanduyo inali yoona. Koma msilikali wa chidebe uja, mwini munda uja, wophunzira wa koloboyi uja, onse anali amuna, ndipo nkhani zawo zinali zoti zikhoza kukambidwa pabwalo la mfumu. Nkhani ya m'chigwembe ilibe bwalo. Ungasumire ndani? Pangano la ku Rome linabwera ndi chikhululukiro cha onse, ndipo dziko lino silinakhale ndi bungwe lomvetsera maumboni ngati lija la ku South Africa. Anthu anasamba mankhwala kwa asing'anga, ena anakalapa ku mishoni ku Lifidzi, moyo n'kupitirira. Amayi athu anapatsidwa mphindi zinayi pa mbali yachiwiri ya kaseti yokopera, ndipo ana awo tinkazizunguza ndi bolopeni.

Ndisanamizire ngati mnyamata uja ndiye anayambitsa zimenezi. Nyimbo zotonthoza mwana kwathu kuno sizinakhalepo zopanda mano. Mvetserani bwino agogo kapena kamlezi kakamayenda uku ndi uku ndi mwana kumsana: nyimboyo imalunjika kwa khanda, koma khanda silimva mawu. Amamva ndi apongozi ali pakhonde, amamva ndi mwamuna ali pa mpando. Mumakhala amake a mwana amene achedwa kudimba, mumakhala bambo amene anapita ku Joni kapena ku Salisbury pothawa chibalo cha Apwitikizi n'kuiwala njira yobwerera, mumakhala mlezi amene akudya mkute pamene eni nyumba adya ndiwo za nyama. N'chimodzimodzi nyimbo za pamtondo. Mkazi amene sangayankhe pabwalo amayankhira pa musi ndi pa mbereko, ndipo palibe angamuzenge mlandu, poti akungotonthoza mwana. Mnyamata uja anakulira kumsana kwa amayi otere. Anangotenga njira yawo.

Mnzanga wina amene anagwirapo ntchito pa wailesi ya m'dera amaseka ndikamakamba zimenezi. Iye amati nyimbo yofatsa pa chimbale chaukali ndi chiphaso chabe: woyimba amadziwa kuti zotukwana boma sizidutsa pa tebulo la bwana, ndiye amaikapo imodzi yoti iziyimbidwa masana, dzina lake limveke, anthu akagule zinazo kumsika. Sindimutsutsa kotheratu, poti iye ndi amene ankasankha nyimbo, ine ndinkangomvera. Oyimba nawonso amadya. Koma chiphaso chimapangidwa kuti chikondweretse mlonda, ndipo palibe mlonda amene angakondwere atamvetsa chifukwa chimene khanda likuuzidwa kuti m'chimanga mulibe munthu. Mwayi wake unali woti alonda, ngati ife anyamata, akamva gitala wofatsa amasiya kumvetsera.

Ife a m'malire tinakula ndi oyimba aukali a mbali zonse ziwiri. Lucius Banda, Soja, amene anatisiya mu June 2024, panali nthawi imene nyimbo zake zinasowa pa wailesi ya boma la kwawo, koma m'mashapa, maminibasi athu, a ku Ulóngue kwathu ku Angónia zinkangolira. Evison Matafale anafera m'manja mwa apolisi mu November 2001, ndipo kwathu anamulira ngati wa pamudzi. Kenako kunabwera Azagaia wa ku Maputo, amene anaitanidwa kukafunsidwa mafunso ndi oimira boma pa milandu chifukwa cha nyimbo yake ya Povo no Poder, itatuluka pambuyo pa zipolowe za mitengo ya mashapa mu February 2008. Atamwalira pa 9 March 2023, achinyamata amene anafuna kuyenda mumsewu pomukumbukira anakumana ndi utsi wokhetsa misozi. Anthu oterewa timawakumbukira ndi mawu amene amakwana pa chikwangwani. Nanenso ndimatero. Koma chichokereni pakhonde paja ndili ndi chizolowezi: ndikapeza chimbale cha munthu wokwiya, ndimayamba ndafufuza pamene ng'oma zatsika. Nthawi zambiri pamakhalapo, chakumapeto, pamene omvera ambiri atopa. Ndipamene ndimadziwira ngati munthuyo wakwiya chifukwa pali amene akumuteteza, kapena wangokonda kumveka kwa mawu ake.

Kaseti ija kulibenso. Ndafunsa kwa anyamata oika nyimbo m'mamemori ku Ulóngue ndi ku Calómue, ndafufuza pa YouTube, osaipeza. Amalume anamwalira. Achimwene amakumbukira nyimbo ya damu yokha, ndipo amaiyimba akaledzera, ngakhale kuti damulo linabwerera m'manja mwa Mozambique mu 2007 ndipo kwawo kuli magetsi tsopano. Mu 2016, anthu a mbali za Moatize atayambanso kuthawira ku Kapise m'dziko la Malawi, Luwani n'kutsegulidwanso, amayi anamva pa wailesi n'kungofunsa funso limodzi: ngati pagulupo pali a makanda.

Pano ndimakhala mu mzinda wa Tete, ku Matundo, tsidya lino la mlatho wa Samora Machel. Mwana wathu wotsiriza anabadwa mu August 2024. Chisankho chinachitika pa 9 October, ndipo zimene zinatsatira mukuzidziwa: misewu yotsekedwa, matayala oyaka, intaneti ya m'mafoni yozimazima, nyimbo ya Azagaia ija ili pakamwa pa ana amene mu 2008 anali akuyamwa. Mu November anthu anayamba kumenya mapoto usiku. Amene mukuidziwa Tete mu November mukudziwa kuti kutseka zenera n'kudziphika, koma usiku wina tinatseka onse, chifukwa kumsewu waukulu kunamveka kuphulika kangapo ndipo mphepo inabwera ndi fungo loyabwa m'maso. Magetsi tinazimitsa tokha. Mwana anadzidzimuka n'kuyamba kulira, kulira kwenikweni kwa khanda lotenthedwa.

Ndinamulanda kwa amake. Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinapezeka ndakhala pansi kuseri kwa chitseko, ndamukanikiza pachifuwa, ndikunong'ona kuti shii, shii, tonthola, atimva. Palibe amene ankatisaka. Ndine munthu wogulitsa zipangizo za njinga zamoto, sindinapiteko ku msonkhano wa chipani chilichonse. Koma dzanja langa linali litafika kale kumbuyo kwa kamutu kake.

"Bambo a Chisomo, mukumupweteka mwana," anatero akazi anga mumdima.

Ndinamasula dzanja. Linali likunjenjemera. Ndinayesa kuyimba nyimbo ija koma pakhosi panali pouma, ndipo mzere wachitatu unandithawa. Netiweki yoyimbira inalipo, ndiye ndinaimbira foni mlongo wanga kumudzi kuti akadzutse amayi. Inali itadutsa 10 koloko. Anabwera akupuma mofulumira, poganiza kuti kwagwa zovuta.

"Kuli bwanji kumeneko? Ndani?"

"Tonse tili bwino, amayi. Ndi mdzukulu wanuyu, akulira."

Anakhala kaye chete, akumvetsera. Mwana anali atatsegula kukamwa konse, kunja mapoto akulirabe.

"Ali ndi mawu," anatero. "Watengera iwe. Muike foniyo pafupi."

Ndinaika foni pa mphasa, pambali pa khutu lake. Amayi sanayimbe mawu aja. Anangong'ung'udza, milomo yotseka, kamawu kawo kakudukaduka ndi netiweki ya kumapiri. Mwana sanatonthole. Analira mpaka mayunitsi anatha, analirabe pambuyo pake, ndipo akazi anga anadzuka n'kukatsegula zenera limodzi.